Kapu ya Mfumu Sindilakwa

Ku ufumu wa Zilibwino zinthu zonse zinali bwino, chifukwa lamulo linkatero. Mvula ikapanda kugwa, sankati yakana, ankati ikuganiza kaye. Njala kunalibe. Chimene chinaliko ndi kuchedwa kwa chakudya, ndipo chaka chimene tikunenachi chakudya chinachedwa miyezi isanu ndi iwiri.

Chaka chomwecho Mfumu Sindilakwa Wachiwiri inapita kukatsegula chipatala chatsopano m'mudzi wa Dikirani. Chipatalacho chinali ndi makoma, denga, mbendera ndi mwala wolembedwa dzina la Mfumu. Mankhwala nawo anali atachedwa. Mfumu inalankhula maora awiri anthu ali padzuwa, ndipo pomaliza inagwira pamimba n'kunena mwachisoni:

"Ana anga, musaganize kuti mukuonda nokha. Inenso ndikuonda nanu. Onani lamba wangayu, ndaboolapo mabowo awiri atsopano."

Anthu anaomba m'manja. Mabowowo analipodi, kungoti anali kunsonga kwa lamba, kumene munthu amaboola mimba ikamatsogola.

Tsono m'chipatala monsemo chida chimene chinali chitafika chinali chimodzi chokha: sikelo yaikulu yoyezera odwala, yokhala ndi nkhope ngati wotchi ya kutchalitchi. Anaiika pakhonde kuti alendo aone chitukuko. Mfumu inaiyesa kansanja koimapo pojambulitsa, ndipo inakwerapo. Kamuvi ka sikelo kananyamuka, kanadutsa makumi asanu osapereka moni, kanadutsa zana osacheuka, n'kukaima pa 139 kakunjenjemera. Anthu onse a ku Dikirani, ngakhale amene anathawa sukulu, tsiku limenelo anadziwa kuwerenga.

Mkulu wina wovala malaya a zigamba anapukusa mutu. "Ngati kuonda kwake n'kumeneku," anatero, "Mulungu atiwondetse tonse."

Sikelo inamangidwa pomwepo ndi chingwe cha ng'ombe n'kupita nayo ku likulu, ku Mwatero, kukaonekera pa Bwalo la Eyaeya. Mlandu wake unali wolankhula pagulu isanafunse akuluakulu. Ataiuza kuti ipepese, inangokhala chete, ndipo bwalo linaona kuti umenewo ndi mwano. Komabe Mfumu, pokhala yachifundo, inaipatsa mwayi wina. Itatha kudya chamasana inakwerapo kachiwiri. Sikelo inati 140.

Apa zinaonekeratu kuti chinthucho sichinalape.

Mawa lake a Ndavomera, Nduna ya Zoyeza ndi Zoyerekeza, anawerenga lamulo pa wailesi. Masikelo onse anali oletsedwa. Makilo ndi magalamu anali akazitape ochokera kunja, ndipo kuwatchula dzina kunali kuwabisa m'nyumba. Kuyambira tsikulo, chilichonse m'dziko chinayenera kuyezedwa monga ankayezera makolo: ndi kapu, mbale, chitini, beseni kapena ndowa. Wolakwira lamuloli akapita ku Khalachete, dera la miyala kumalire a dziko, kumene ngakhale chisoso chimamera mopepesa.

Ku msika wa Tingotani anthu analandira lamuloli ndi manja awiri, monga ankalandirira malamulo onse. Wogulitsa nyama anayamba kuyeza ndi kapu.

"Mundipatse kapu ndi theka ya nthiti," anatero mayi wina, "koma fupa lotulukira kunjalo ndilo basela."

"Basela wake uti, mayi? Fupalo ndi kapu yachiwiri imene sinabadwe."

Amayi a ana aang'ono anasiya kunena kuti akupita kusikelo, anayamba kunena kuti akupita kubeseni. Kumeneko anamwino ankamukhazika mwana m'beseni, n'kulemba pakhadi kuti mwanayu wakwana beseni limodzi, miyendo ili kunja. Mwana woonda ankamuyezera m'beseni laling'ono, nayenso n'kukwana. Chotero m'mwezi umodzi wokha matenda onyentchera anatha m'dziko lonse, ndipo a Ndavomera anavekedwa mendulo.

Magalamu aja, poti kuwatchula kunali koopsa, anthu anangowapatsa dzina loti alendo aja.

Kunyumba ya Mfumu kunali mayi wophika, Nangondo, amene anali atagwira ntchito m'khitchini imeneyo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anali munthu wa mawu ochepa, woyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo. Anali atatsala ndi milungu isanu ndi umodzi kuti apume, abwerere kwawo ku Mphanje, kumene kunali kamunda kake ka dothi lofiira. Pansi pa bedi ankasunga botolo la mbewu ya mtedza wa chalimbana, makapu anayi, mbewu ya malemu amayi ake. Chaka chimenecho anthu ambiri anadya mbewu zawo, koma Nangondo botolo lakelo sanalitsegule. Ankangolitulutsa Lamulungu, kulipukuta, kuona ngati anankafumbwe sanalowemo, n'kulibwezera.

Ophika anzake anayi anali kale ku Khalachete. Wina anachulutsa mchere, wina anachepetsa, wina anathira wokwanira koma tsiku limene Mfumu sinkafuna mchere. Wachinayi palibe ankakumbuka chimene analakwa, koma onse ankagwirizana kuti chinali chachikulu. Nangondo anapulumuka zaka zonsezi chifukwa ankadziwa kuti kunyumba ya mfumu chokoma n'cha mfumu, chopserera n'cha wophika.

Ndiye kunabwera kalata yochokera ku dziko loyandikana nalo la Tilinazo. Mfumukazi Sapusa inali itamva za kuchedwa kwa chakudya ku Zilibwino, ndipo inkabwera ndi malole a chimanga kuti munthu aliyense azilandira kapu imodzi patsiku mpaka kukolola. Inapempha chinthu chimodzi chokha: paphwando lolandirira alendo padzakhale keke imene iyo imakonda. Pamodzi ndi kalatayo inatumiza pepala la kaphikidwe kake ndi thumba lathunthu la mtedza wachilendo, wobulungira ngati nthudza, wa khungu lofiirira. Ankati umenewu subala pansi, umabala m'mitengo kumaiko ozizira. Anthu a kukhitchini anangoutcha mtedza wa m'mwamba.

Mazira pa pepalalo anali owerengeka, mkaka unali wa makapu, shuga wa masupuni. Koma pa mtedza analemba kuti magalamu 400.

Bwalo la Eyaeya linakumana mwadzidzidzi. A Ndavomera anawerenga pepalalo, ndipo atafika pa mawu oletsedwawo anayamba apempha chikhululukiro cha pakamwa pawo.

"Tsono amenewo ndi makapu angati?" inafunsa Mfumu.

Nduna khumi ndi ziwiri zinayang'ana padenga, pamene nthawi zambiri pamakhala mayankho a boma. Nduna ya Zamvula inati funsolo ndi lakuya. Nduna ya Zamaliro ndi Zikondwerero inati ikugwirizana ndi mnzake amene wangolankhulayo, makamaka pa nkhani ya kuya. Pomaliza anagwirizana zokhazikitsa komiti ya anthu asanu ndi anayi, wapampando a Ndavomera, kuti ikafufuze nkhaniyi ku nyumba ya alendo ya ku Mpumulo, kumene kuli mphepo yabwino yothandiza kuganiza. Thumba la mtedza analitenga, poti munthu sangafufuze chinthu chimene sakuchiona.

"Ndipo wophika amve," inatero Mfumu. "Keke ikakoma, dziko lalemekezeka. Ikandichititsa manyazi pamaso pa mlendo, kapena wina akaphwanya lamulo langa poiphika, ku Khalachete malo alipo."

Komiti inagwira ntchito molimbika. Mlungu woyamba inapeza kuti mtedza wa m'mwamba umakoma ukakazingidwa. Inatumiza lipoti loti alendo aja 400 ndi makapu anayi. Mlungu wachiwiri inapeza kuti umayenda bwino ndi tiyi, ndiponso kuti akazi a mamembala nawo ali ndi maganizo ofunika kuwamva, choncho aliyense anatumiza kaphukusi kunyumba. Lipoti lachiwiri linati, titaunikanso mozama, ndi makapu atatu. Mlungu wachitatu anatsika kufika pa awiri. Lachisanu la mlungu wachinayi a Ndavomera anapisa dzanja m'thumba, dzanja linalowa mpaka m'khwapa, ndipo zimene anakokola pansi pake zinangokwana kapu imodzi ya tiyi.

Sayansi inali yafika pamapeto.

Mfumu poyamba inakayikira. "Bwanji chiwerengero chikungotsika ngati madzi a m'chitsime cha mu Okutobala?"

"Mwinidziko," anatero a Ndavomera atagwada, "taganizani za bodza lija linanenedwa ndi chigawenga chili m'ndendecho, lija la 140. Tikanati alendo 400 ndi makapu anayi, ndiye kuti inuyo ndinu makapu 1,400. Pa makapu awiri munali 700. Koma pa kapu imodzi, Mwinidziko, ndinu makapu 350 okha. M'mwezi umodzi mwaonda ndi makapu oposa chikwi."

Mfumu inadzigwira m'masaya ndipo inamvadi kuti yapepuka. Tsiku lomwelo linatuluka lamulo lachiwiri: alendo 400 ndi kapu imodzi, ndipo wonena zina akutsutsana ndi thanzi la Mfumu.

A Ndavomera anabweretsa okha mtedza wotsalawo kukhitchini, uli m'kathumba ka shuga. Anapeza Nangondo akutsuka ziwiya.

"Mayi, nawu mtedza wanu. Kapu imodzi, monga mwa lamulo."

Nangondo anapukuta manja pachitenje n'kusuzumira m'kathumbamo.

"Zikomo, bwana Nduna. Ndifunse nawo pang'ono, poti ife sukulu tinangoidutsa kuseri. Kapu imeneyi ndi ya mtedza wathunthu kapena wosinja?"

"Pali kusiyana?"

"Kulipo pang'ono, bwana. Wathunthu umasiya mipata. Wosinja umafufuma, ukausefa umafufumanso, ukaupanikiza ndi chala umabwerera. Ndiyenso pali kapu yosalaza pamwamba ndi kapu ya phiri. Nanga kapu yake ndi iti, ya tiyi, ya phala, kapena ija ya pamtsuko?"

A Ndavomera anatupa. Komiti inakhala milungu inayi osakumana ndi mafunso amenewa, ndipo sikunali koyenera kuti abwere ndi munthu wonunkha utsi.

"Mayi, musalowetse ndale m'khitchini. Kapu ndi kapu."

"Kapu iliyonse, bwana?"

"Ndati kapu ndi kapu! Mukufuna ndikulembereni?"

"Mukanandilembera, bwana, mutu wangawu ndi wakale."

A Ndavomera, amene ankakonda kusaina kuposa kudya, ngakhale kuti kudyanso ankakukonda, analemba kuseri kwa pepala la kaphikidwe kuti kapu ndi kapu, n'kudindapo chidindo cha unduna.

Masana ake Nangondo anatsetsereka ku msika wa Tingotani kukaona mnzake wakale, Abiti Twaibu. Mayi ameneyu anagulitsa nyemba ndi mtedza pa sikelo zaka makumi awiri, mpaka tsiku limene asilikali anadzailanda. Tsopano pa thebulo pake panali timilu ta mchere ndi mfutso basi.

"Anangondo, mwabwera ndi nkhope ya kumaliro. Wafa ndani?"

"Sanafe, achemwali, koma akumuyeza bokosi. Ndine." Anakhala pa chitini n'kufotokoza zonse motsitsa mawu.

Abiti Twaibu anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anakhuthulira mtedza wa m'mwamba uja m'kansalu, anamanga, n'kukanyamula pachikhatho. Anakakweza, anakatsitsa, maso ali otseka ngati akupemphera.

"Sikelo analanda," anatero, "koma dzanja anaiwala. Apa alendo aja alipo zana limodzi ndi makumi atatu, mwina ndi kamwana pamwamba. Pepala likufuna angati?"

"Mazana anayi."

"Ndiye ndi makapu atatu a tiyi, wathunthu, wosalaza. Muyeze musanasinje. Mukasinja adzaoneka ngati anayi, musadzasangalale, ndi mpweya umenewo. Ngati malipoti a boma."

"Nanga ndikaphika ndi imodzi yomweyi?"

"Mudzaphika chikondamoyo chovala suti. Mayi wa ku Tilinazo adzaluma kamodzi n'kufunsa ngati kuno mtedza timangouonetsa ku ufa uli pawindo."

"Ndikathira atatu ndaphwanya lamulo."

"Eya."

"Ndikathira imodzi ndachititsa Mfumu manyazi."

"Eya. Mwayamba kulankhula ngati nduna, Anangondo, nkhani zanu zonse zikuthera pa eya." Abiti Twaibu anamasula kansalu n'kubwezera mtedza m'kathumba, osadyako ngakhale kamodzi, chinthu chimene chikanadabwitsa komiti. "Ndipo awiri enawo muwatenga kuti? Msika wonse uno mtedza mulibe. Nkhokwe ya kunyumba ya Mfumu?"

"Kiyi ali ndi a Ndavomera. Amati mulibe kanthu."

"Mulibe kanthu, koma alonda anayi."

"Kuti kanthu kasalowemo," anatero Nangondo.

Anabwerera kukhitchini bondo likuwawa. Pa thebulo panali ziwiya zoti atsuke, ndipo pakati pake panali kapu ya Mfumu yomwera thobwa. Chinali chikapu cha chitsulo choyera, cha zogwirira ziwiri, chojambulidwa nkhope ya mwini wake idakali ndi khosi. Nangondo anali atachitsuka tsiku lililonse kwa zaka zambiri, koma sanaganizepo zochifunsa kuti chimanyamula zingati. Tsikulo anatenga kapu ya tiyi, anatunga madzi n'kuthiramo. Imodzi. Yachiwiri. Yachitatu inafika pamlomo penipeni, osatayika ngakhale dontho.

Anakhala pansi nthawi yaitali akuyang'ana chikapucho. Kenaka anapita kuchipinda kwake, anagwada movutikira, n'kutulutsa botolo lija pansi pa bedi.

"Amayi, mundikhululukire," anatero. "Ndikapita ku Khalachete, ngakhale anayi onsewa sakamera."

Anayeza makapu awiri a chalimbana, theka la munda wake wa chaka chamawa.

M'mawa wa tsiku la phwando anakazinga mitedza yonse iwiri payokhapayokha, poti wa m'mwamba umapsa msanga. Anaufikisa m'manja, anapeta makungu pa lichero, anathira m'chikapu cha Mfumu n'kusalaza ndi chala. Anasinja mumtondo mofatsa, kuopa kuti ungatuluke mafuta n'kusanduka chiponde. Anasefa, anasakaniza monga linanenera pepala, n'kuika mu uvuni. Fungo lake linafika mpaka kuchipata, ndipo alonda anayi a nkhokwe yopanda kanthu anayamba kumeza malovu.

Mfumukazi Sapusa inali mayi wamfupi wa magalasi, wosaseka nthabwala asanaimvetse. Inakhala phee pamene Mfumu inkalankhula za chitukuko cha Zilibwino, za kutha kwa matenda onyentchera, ndi za kuonda kwake kwa makapu chikwi. Keke itabwera, inadula kachidutswa, inatafuna pang'onopang'ono, n'kudulanso kena.

"Yakoma," inatero.

Nduna zonse zinapuma. Mfumu inadzimenya pachifuwa.

"Ndipo mudziwe, mlongo wanga, kuti akatswiri athu apeza kuti zimene inu mumavutika nazo ndi manambala, kuno ndi kapu imodzi yokha!"

Mfumukazi inaika foloko pansi. "Kapu imodzi siingaphike keke iyi. Ndakhala ndikuidya kuyambira ndili mtsikana. Muli mtedza wokwana makapu atatu umu. Wina akunama, ndipo ine sindisiya chimanga changa m'nyumba imene sindikudziwa wonama ndani. Itanani wophika."

Nangondo analowa akutsimphina, atafumbata kanthu m'chitenje, n'kugwada patali. A Ndavomera anali atayamba kale kumuyang'ana ndi diso lomutsanzika.

"Mayi," inatero Mfumukazi, "munathira makapu angati a mtedza?"

"Imodzi, mayi."

"Imodzi?"

"Imodzi, monga mwa lamulo." Anamasula chitenje n'kuimika chikapu chija pansi, nkhope ya Mfumu itayang'ana kwa alendo. "Iyi."



"Imeneyo ndi kapu yanga ya thobwa," inatero Mfumu.

"Ndi yomweyo, Mwinidziko. Ine ndinafunsa bwana Nduna kuti kapu yake iti, iwo anandilembera apa kuti kapu ndi kapu." Anatambasula pepala la chidindo lija. "Ndiye ndinati, ngati makapu onse ndi amodzi, ine ndine yani kuti mlendo wa Mfumu ndimuyezere ndi kapu ya antchito? M'dziko muno kapu yoyenera kutchedwa kapu ndi imodzi."

Mfumu inayang'ana chikapu, inayang'ana nkhope yake ya pachikapupo, ndipo inaona kuti mayiyu walankhula zanzeru zimene iyo inali pafupi kuziganiza.

"Mwamva?" inatero. "Ngakhale wophika wanga amadziwa malamulo kuposa maloya a kwanu. Ndimatanthauza kapu imeneyi kuyambira pachiyambi."

"Eya! Eya!" zinavomera nduna, a Ndavomera mochedwerako pang'ono.

Mfumukazi inanyamula chikapucho, inachitembenuza, inagogoda kunsi kwake ndi chala. "Chabwino. Palibe wanama. Koma lilime langa likumvanso mtedza wina umu, wa pansi."

"Ndi chalimbana, mayi," anatero Nangondo. "Wa m'mwamba umene ndinalandira unalekeza apa." Analoza ndi chala pachibwano cha nkhope ya Mfumu, chapansi ndithu. "Tsono kapu ya Mfumu siingapite kwa alendo ili ndi njala. Ndinadzazira ndi mbewu yanga, makapu awiri a tiyi."

"Ine ndinatumiza thumba lathunthu."

Nduna khumi ndi ziwiri zinayang'ananso padenga. A Ndavomera anafotokoza kuti kafukufuku waonetsa kuti mtedza wa kumaiko ozizira ukafika kotentha umasungunuka, ndipo wotsalawo anadya makoswe. Mfumu inakwiya kwambiri ndi makoswewo, ndipo pomwepo inakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi, wapampando a Ndavomera.

Mfumukazi inapukuta magalasi ake. "Za makoswe anu ndi zanu. Chimanga changa ndinati kapu imodzi munthu aliyense patsiku. Poti mwati kapu ya dziko lino ndi iyi, tiyezera iyi. Amisiri anga asula zofanana nayo, ndipo otunga adzakhala anthu anga."

A Ndavomera anatsokomola. Unduna wawo unali utagula kale timakapu zikwi ziwiri togawira chimangacho, tokongola, totengera ku tija ta mankhwala a chifuwa, ndipo unali utakonzanso malo osungirako chimanga chimene chikanatsala. "Mwinidziko, mwina tikanaunikanso..."

"Mukuti kapu yanga ndi yaikulu?" inafunsa Mfumu.

"Ayi, Mwinidziko! Ndi yoonda kwambiri."

"Nanga mbewu ya mayiyu?" inatero Mfumukazi. "Kwathu mfumu siidya mbewu ya wantchito."

"Ngakhale kuno!" inatero Mfumu, imene inali isanamvepo za mwambo umenewu. "Ndavomera, tsegulani nkhokwe, mumupatse makapu ake awiri. Panopa, mlendo akuona."

Nkhokwe yopanda kanthu ija itatsegulidwa, munapezeka matumba a chalimbana mpaka kudenga, ndipo aliyense anadabwa mwaulemu. A Ndavomera anatulutsa kapu ya tiyi m'thumba la jekete.

"Pepani, bwana Nduna," anatero Nangondo, akuwapatsa chikapu cha Mfumu ndi manja awiri. "Ndingaphwanye lamulo."

Nduna inatunga.

"Ndifunsenso nawo, bwana. Yosalaza kapena ya phiri?"

"Ya phiri," inayankha Mfumukazi.

Akuluakulu a mbiri yakale amati chiyambire ufumu wa Zilibwino, aka kanali koyamba kuti chinthu chilowe kunyumba ya Mfumu n'kutulukamo chitabereka.

Chimanga chinagawidwa ndi chikapu cha Mfumu, ndipo kwa milungu itatu anthu anadya mpaka ana anayamba kusefukira m'mabeseni. Anthu a Mfumukazi atabwerera kwawo, makapu aja anapita ku unduna kukakonzedwa. Anabwerako atakhomedwa kunsi ndi mwala, pansi pake patakwera mpaka pamphuno ya Mfumu, koma kunja akuoneka chimodzimodzi. Sikelo nayo inakumbukiridwa. Pa tsiku lobadwa Mfumu anaitulutsa m'ndende, anaikapo chithunzi cha Mfumu cha pakhoma, ndipo kamuvi kanangosuntha pang'ono. Bwalo linaona kuti yaphunzira ulemu, ndipo linaikhululukira.

Koma zonsezi zinachitika Nangondo atachoka. Iye sanadikire kuti milungu yake yotsala ikwane. M'mawa mwake, phwando litatha, anapempha kuti apume msanga chifukwa cha bondo, ndipo Mfumu, idakali yokondwa, inalola. Anamanga katundu wake: mphasa, mthiko, sefa, botolo la amayi ake lija, ndi phukusi la mbewu yatsopano. Podikira lole ya ku Mphanje anapatukira pa thebulo la Abiti Twaibu.

"Ndimayesa ndikubweretserani mchere ku Khalachete," anatero Abiti Twaibu. "Ndinali nditamanga kale."

"Sungani, achemwali. Akubwera wophika wina Lolemba."

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Makapu awiri."

Abiti Twaibu ananyamula phukusilo pachikhatho. Analikweza, analitsitsa, anatseka maso. Atawatsegula anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kuweramira kukhutu kwa mnzake.

"Kilo," ananong'ona. "Yathunthu, ndi basela." Anamusenzetsa phukusilo pamutu n'kumukankha pamsana. "Thamangani, Anangondo, bondo likapolera konko. Thamangani asanakhazikitse komiti."